Chopondera Chikumveka Patali

Glasgow, 14 Okutobala 2023

Okondedwa amake Olivia,

Muli bwanji kumeneko ku Kampepuza, inu ndi mwanayo? Chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino ndithu, kudya ndikudya, kugona ndikugona. Mudabwa kuti ndayambiranji za makalata pomwe timalankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Pa foni paja mumandithamangitsa ndi bandulo yanu, ndipo ine ndikaona nkhope yanu mawu onse amathawa, ndimangotsala ndi mano panja ngati mnyamata wofunsira mbeta. Lamulo la kuno limati dalaivala aziima n'kupuma, afune asafune, ndiye ndimatsamiritsa pepala pa chiwongolero n'kumacheza nanu. Ndikamaliza ndizijambula n'kukutumizirani, muziwerenga mwanayo ali kusukulu.

Nkhani yabwino nayi. A Bruce, eni kampani yathuyi, andipatsa thiraki yangayanga, yobiriwira, yokalamba pang'ono koma injini yake ikuimba. Ndizinyamula migolo kupita nayo kumapiri a kumpoto, pobwerera matabwa. Ndi ntchito ya udalaivalayi malipiro akufika pamene aboma amafuna kuti munthu aitanitse banja lake, ndipo a Bruce alonjeza kundichitira umboni. Ndikangogwira osadukiza, Juni akubwerayu mukhala kuno, inu ndi Olivia. Werenganinso pamenepo, mayi, sindinalakwitse.

Kumapiriko nkhungu imatsika mpaka pa tala, nkhosa n'kumatulukamo mwakachetechete, miyendo yosaoneka. Ine ndimakukhazikani pampando wa kumanzerewu mutafunda mpango wanu wofiira uja, n'kumakulozerani mathithi. Dzulo ndinadzipeza ndikukufunsani mokweza ngati mukuzizidwa.

Chimodzi chokha chikundisowetsa mtendere m'thirakiyi: chopondera mabuleki chikumveka patali. Mabuleki a thiraki si a minibasi ayi. Phazi silikankha matayala, limangotsegulira mpweya chitseko, mpweyawo ndi umene umakagwira ntchito. Koma pansi pa chopondera pali valavu imene imalibweza phazi, kuliuza kuti lapempha mpweya wochuluka bwanji. Imeneyo ndiye ikundiyankha monyinyirika, ngati ndikuponda matiresi. Ndi nkhani yaing'ono, ndiikonza Loweruka.

Pitani ku boma mukajambulitse zithunzi za pasipoti, ndipo Olivia asaseke, akuti safuna mano. Feteleza gulani tsopano asanakwerenso.

Ndine wanu,
Tadeyo

Glasgow, 11 Novembala 2023

Amake Olivia,

Landirani moni. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa kumeneko, ndiye musadikire alamu anu, pezani aganyu mudzale. Ine ndili bwino kupatula ludzu. Dziko la madzi okhaokha lino, mvula mmawa mvula masana, koma ine kukhosi gwaa ngati ndili ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Ndi hita ya m'thirakimu imeneyi, imaumitsa munthu.

Za mabuleki zija ndinayambira poyambira. Ndinalowa pansi pa thiraki n'kukoka tiwaya ta mathanki a mpweya. Mayi inu, madzi ake! Akuda bii, osakanikirana ndi oyilo, mpaka kundithira m'manja mwa malaya. Dalaivala amene anali nayo kale ankangokwera n'kumapita, sankaiwerama n'komwe. Kuno chinyezi n'chambiri, kompuresa imameza mpweya wonyowa, ndipo kukazizira madziwo amaundana m'mavalavu. Ndinasinthanso kachitini koumitsa mpweya, n'kudzuka pansipo ndikudziyamikira ndekha kuti Tadeyo ndiwe munthu.

Lolemba ndinanyamuka mtima uli m'malo, mageji onse awiri a mpweya odzaza, kufwenthera kwa mpweya kukumveka bwino. Pamtsetse woyamba, chopondera chija chili pomwe paja, patali. Aaa, ndinachita kuseka. Thiraki iyi ndi nkhalamba yosunga zinsinsi, koma tiona wotopa ndani.

Musagule majekete pa kaunjika wa pa Ntcheu, amenewo kuno ndi malaya am'kati. Ku Shawlands kuli masitolo a zovala zakale amene ndalama zake zimathandiza osowa, ndipo ndaonako chikhoti chabuluu chokuyenerani, chofika m'mawondo. Ndakhala ndikuchizondera Loweruka lililonse kuopa wina angachitenge. Mayi wogulitsayo wayamba kundiyang'ana mokayika, mwina akuti bambo uyu akufuna kuvala yekha. Za Olivia, mumupondetse papepala, mujambule phazi lake ndi pensulo, munditumizire. Nambala za nsapato za kuno n'zosiyana, ndipo mwanayo ndinamusiya ali wamfupi.

Masiku ano dzuwa likumalowa anthu asanaweruke. Magetsi a mumsewu amasungunuka pa tala wonyowa, thiraki n'kumakhala ngati sikugunda pansi. Nthawi zina sindidziwa ngati ndikuyenda kapena ndi mzindawo ukundidutsa.

Moni kwa amayi, muwauze mankhwala a BP asamadumphitse.

Tadeyo

Glasgow, 16 Disembala 2023

Amake Olivia,

Ndikhulupirira muli bwino monga ndinakuonerani pa foni. Mwanenepa m'masaya, musakane. Ine ndilipo.

Ndapeza nyumba! Ili ku Pollokshields, m'nyumba zamiyala zosanja zija, pamwamba penipeni. Eni ake ndi mdala wa ku Pakistani, akuti amene akuchitamo lendi panopa akutuluka mu Meyi. Masitepe ake amanunkhira anyezi wokazinga ndi samusa, sitima imadutsa kuseri mofatsa, ndipo pawindo pali malo okwana makina anu osokera, kukhala kuti ndege imalola. Ndinaima pawindopo nthawi yaitali. Ndinamuona Olivia akuwoloka msewu ndi chikwama kumsana, ndinakuonani inu mukumukuwira kuti wasiya magolovesi. Mdalayo anachita kunditsokomolera kuti ndidzuke.

Thiraki ikadali ndi mwano. Ndinatenga madzi a sopo n'kupaka pa mapaipi onse, polumikiza paliponse, kufuna kuona thovu ngati mpweya ukuthawa. Palibe. Kenako ndinachotsa kapeti n'kupeza kuti kachitsulo kamene chopondera chimazungulirapo kadya dzimbiri. Misewu ya kuno amathira mchere nyengo yozizira, majombo amaubweretsa m'kati, ndiye chitsulo chimadyeka. Ndinakakwecha mpaka mbee, n'kupaka girisi. Ndi dzanja chopondera chikuyenda bwinobwino. Ndi phazi, ayi.

Lachinayi pa maloboti a ku Shawlands basi inaima kutsogolo kwanga. Ndinaponda, osamva kanthu, n'kuwonjeza, pomwepo thiraki yonse gwiii, migolo kumbuyo phuu ngati ng'oma za dansi. Inaima, malo analipo ndithu. Gogo wina anali pambali ndi kagalu kake, anangondiyang'ana. Palibe chachitika, ndipo amayi musawauze.

Chimene chikundipweteka ndi ichi. Inu mukudziwa kuti ine ndinaphunzirira kuyendetsa pa mtsetse wa Khwekhwerere, phazi losavala. Madalaivala a kwathu tikakwera timavula nsapato n'kuziponya pansi pa mpando, chifukwa mabuleki amamveka ndi khungu. Zaka zonse za ku Beira ndi ku Nacala, phazi ili silinandinamizepo. Likati thiraki ikudwala ndiye kuti ikudwala.

Ndatumiza kangachepe ka Khirisimasi. Mugule nkhuku, mpunga ndi Sobo, zotsalazo zikhale za mayeso anu a Chingerezi. Musabwereke munthu, ngakhale alire.

Wanu yemwe uja,
Tadeyo

Glasgow, 27 Januwale 2024

Amake Olivia,

Chaka chabwino, ngakhale chayamba kale kukalamba. Pepala la phazi la Olivia ndinalilandira. Mwana ameneyu akupita kuti ndi phazi lotere? Wogulitsa nsapato analiika pa kauntala n'kuliyeza ndi rula, tonse tikuseka. Thanzi langa lilipo, koma thalauzi ikumagwa, ndabowola lamba kachiwiri. Musadandaule, mukabwera mudzandibwezera.

Ndinakangana ndi a Bruce. Ndinawakakamiza kugula valavu yatsopano ya pansi pa chopondera, poti zina zonse ndinali nditamaliza. Anadandaula mtengo wake tsiku lathunthu, koma anagula, mdala uja mtima ndi wabwino, pakamwa pokha ndi pa lumo. Titaimanga tinapita ndi thirakiyo pa makina oyezera mabuleki, matayala onse anakhoza. Kenako iwo anakwera okha, n'kuzungulira nayo mpaka ku doko, ine ndili pampando wanu uja.

Atatsika anati, "Tedi, thiraki iyi ikuima ngati yatsopano." Kuno ndine Tedi, Tadeyo amawalumitsa lilime.

Ine ndinati, "Ndiye mukuti ndikunama?"

Iwo anati, "Sindinatero. Ndikuti ndaponda, yandiyankha. Mwina ndi majombo akowo."

Ndinapsa mtima, koma pobwerera ndinaganiza kuti mwina mdalayu wanena zoona. Majombo a kuno ndi achitsulo kumaso, pansi pake pochindikala ngati tayala, ndipo lamulo la pakampani silola kuvula. Ndiye tsopano ndikangotuluka pageti ndimaima pambali, n'kuvula la kumanja, n'kuyendetsa ndi sokosi. Pena ndimatsika nayo sokosi yomweyo kukayang'ana malamba a katundu, ndikaiwala. Ndinkayesa kuti chitsulo chindiwotcha ndi kuzizira, koma ayi, phazi la ku Ntcheu ndi lolimba, silikumva n'komwe.

Chipale chofewa, chija amati sinowo, chinagwa kumapiri sabata yatha. Dziko lonse linangoti mbuu, phokoso lonse linatha, ngakhale injini inkamveka ngati ili kuseri kwa phiri. Mbawala zazikulu za kuno zinaima m'mbali mwa msewu, utsi ukutuluka m'mphuno. Ndinafuna mukanaona. Chopondera ndiye chomwecho, sichinabwerere, koma ndayamba kuchizolowera.

Denga la khitchini lisiyeni, tikonzeranji nyumba yoti mukuisiya? Mungotchinga ndi pulasitiki.

Tadeyo

Glasgow, 24 Febuluwale 2024

Amake Olivia,

Moni. Mwakhoza mayeso, ndanyadira kwambiri. Ndinauza aliyense pakampani, ndi amene sanafunse omwe.

Lero sindilemba zambiri. Thiraki yanga inalowa m'galaja kukasintha matayala, ndiye a Bruce anandibwereka yoyera, yatsopano, imene ikadanunkha pulasitiki. Ndinakondwa, ndinati lero ndikumbuke mmene mabuleki abwino amamvekera.

Chopondera chake chikumvekanso patali, amake Olivia. Chimodzimodzi.

Ndinaima pamwamba pa mtsetse wina wautali, pamalo opumira, n'kuzimitsa injini. Pansi pa chigwa panali kanyumba koyera kamodzi, utsi ukukwera mowongoka. Ndinakhala pamenepo kuyang'ana kanyumbako, kuganiza kuti mukukhala ndani, adya chiyani, mpaka nthawi yopuma inapitirira. Kenako ndinatsika ndi giya yaikulu, pang'onopang'ono, maso pa geji, khutu ku mpweya. Zikutheka. Munthu akhoza kuyendetsa ndi maso ndi makutu, ndipo Juni sali kutali. A Bruce sindinawauze.

Mayi a pa Tsangano aja ofuna makina anu, muwauze adikire kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo asakunyengerereni mtengo. Muzindipempherera, osati chifukwa pali kanthu, koma basi.

Tadeyo

Glasgow, 23 Malichi 2024

Amake Olivia,

Muli bwanji? Chimanga chayamba kucha? Ine ndikulemba nditakhala pampando, mwendo uli pa tebulo ngati bwana. Musadzidzimuke, werengani kaye.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mayi Atusaye anaitana anthu angapo kukadya kwawo ku Hillhead. Ndi mayi wa ku Karonga, namwino, wa mawu ngati belu, amene amatikalipira tonse tikachedwa ku kwaya. Kwawo nsapato zimatsala pakhomo chifukwa cha kapeti yoyera. Ndinavula, n'kulowa, n'kupereka moni. Kenako ndinaona onse akuyang'ana pansi. M'mene ndinadutsamo munali madontho ofiira kuchokera pakhomo mpaka pamene ndinaima. Manyazi ake, abale! Ine n'kumapepesa za kapeti.

Mayi Atusaye anati, "Isiyeni kapetiyo, khalani pansi." Anandivula sokosi pamaso pa anthu. Pansi pa phazi panali kachitsulo kopotana, kotsalira pobowola zitsulo, katalowa ndithu, ndipo mnofu wozungulira unali utatupa.

"Achimwene, ichi chinalowa liti?"

Ndinati kaya.

"Simunamve?"

Ndinati phazi langa ndi lolimba. Sanaseke. Anandifunsa za ludzu, za kuonda, za kutaya madzi pafupipafupi, ngati kuti amakhala nane m'thiraki. Anatulutsa kamakina, n'kundibaya chala, ndipo ataona nambala yake anangoti, "Yesu wanga." Akuti mwina ndi shuga, ndipo akakhalitsa osadziwika amapha mitsempha ya kumapazi. Kenako anatsitsa mawu kuti enawo asamve. "Mukufuna kundiuza kuti mawa mukwera chithiraki chija ndi phazi ili?"

Ine ndinangoyamikira nsomba imene anatiphikira.

Ku chipatala anatsuka bala, andipatsa mapiritsi ndi masiku opuma, ndipo akuti ndibwerenso mu Epulo akayeze mapazi. A Bruce ndawauza kuti ndinaponda chitsulo, zimene ndi zoona. Masana ndimangowodzera pawindo. Dzana ndinalota ndikuyenda pa bwalo la kwathu mutangosesa, dothi lofunda, timiyala tikundibaya, ine n'kumadandaula kuti simunasese bwino. Ndinadzuka ndikusekerera.

Makina aja musagulitse kaye. Palibe chifukwa chenicheni, kungoti mtengo ungakwere.

Wanu,
Tadeyo

Glasgow, 20 Epulo 2024

Ketrina,

Lero ndakutchulani dzina, mundikhululukire. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi mwana wathu. Ine sindili bwino, ndipo ndatopa kulemba kuti ndili bwino.

Lachiwiri ndinapita koyeza mapazi. Dokotala wake ndi mtsikana waulemu, anandigoneka pa bedi n'kundionetsa kaulusi kolimba ngati ka mbedza. Anakagunditsa padzanja langa kuti ndidziwe mmene kamamvekera. Kenako anati, "Tsinzinani. Ndizikugundani pansi pa phazi, mukamva muziti eya."

Ndinatsinzina. M'chipindamo munali zii, ndipo ine makutu anga ndi a dalaivala. Nthawi iliyonse akawerama kuti agunde, mpando wake unkalira pang'ono, kwiii. Ndinazindikira pomwepo kuti ndikhoza kukhoza mayeso amenewa. Mpando ukalira, ine eya. Ukaliranso, eya. Akanalemba kuti mapazi ali bwino, Lolemba ndikanakwera thiraki, ndipo Juni mukanatsika ndege. Ndinakuonani, Ketrina, ndi maso otsinzinawo, mukukoka sutikesi, mukuyang'ana uku ndi uku kundifuna. Mpando unalira. Pakamwa panga panatseguka ndithu.

Koma pansi pa phazi panalibe kanthu. Panalibe ngakhale patali pomwe. Ndinaganiza za katundu yense amene amakhala kumbuyo kwanga pamtsetse, ndi kuti kutsogolo kumakhala galimoto za anthu amene nawonso wina akuwadikira. Ndinatseka pakamwa. Mpando unalira, unaliranso, ine chete, misozi ikulowa m'makutu. Kenako anati, "Tsegulani maso, bambo, tamaliza." Phazi la kumanzere linamvako pang'ono. La kumanja, lija la pa Khwekhwerere, silinamve olo kamodzi.

Thiraki ija sinadwalepo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuimasula, kuipaka sopo, kuinena kwa eni ake, chonsecho yosalakwa.

Ndinachoka kuchipatala n'kulunjika ku kampani, n'kuika makiyi pa tebulo la a Bruce, n'kuwauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa za valavu yawo, koma anangovula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Akuti ndikhoza kutsala m'galaja, kuthandiza amakaniko ndi kutsuka mathiraki. Ndi chifundo, koma malipiro ake safika pamene aboma amafuna. Juni wapita, mayi. Ndamuchotsa ndine, ndi pakamwa panga potseka, ndipo sindikudziwa ngati mudzandikhululukire. Kwa mdala wa nyumba uja ndapita kale kukamuuza kuti apatse ena.

Akuti mankhwala akhoza kuimitsa matendawa kuti asapitirire, koma chimene chafa sichidzuka. Ndikhoza kutsala kuno, kumatumiza zochepa, n'kumafunafuna njira ina imene sindikuiona. Ndikhozanso kubwera. M'makalata onsewa ndakhala ndikukulamulani, gulani ichi, musagulitse icho. Pano ndiuzeni inu, chimene munene ndichita. Olivia ndimuuza ndekha Lamlungu pa foni, inu mungokhala naye pafupi.

Ndisanatuluke, dokotala uja anati popeza phazi silidzandiuzanso likavulala, pafunika munthu woliyang'ana pansi tsiku lililonse. Anandifunsa ngati kunyumba kuli munthu.

Ndinati alipo.

Ndine mwamuna wanu,
Tadeyo